Makapu Awiri a ba Morris

1

Dzina langa ndine Helen. Ndinali mkazi wa Morris Chibesa, kalaliki amene ankajambula mapu mu ofesi ina ya boma m'tauni. Mukafunsa anthu akale a ku Chelstone, adzakuuzani kuti ndinali mkazi wolimba mtima, amene anazungulira Lusaka yense wapansi kufunafuna mwamuna wake mu 1979. N'zoona, ndinazungulira mpaka nsapato kung'ambika. Koma pali zina zimene anthuwo sadziwa, ndipo ndatopa kuzisenza ndekha. Ndiloleni ndiyambire pa tenti.

Mzungu amene anali bwana wa Morris, pobwerera kwawo, anaitana makalaliki ake atatu kunyumba kwake ku Kabulonga n'kuwauza kuti aliyense asankhe chinthu chimodzi. Woyamba ananyamula firiji. Wachiwiri ananyamula makina osokera. Mwamuna wanga, munthu wophunzira mpaka Fomu Faivi, anafika pakhomo atasenza chimtolo cha chinsalu chobiriwira, chonunkha nkhungu, ndi kathumba ka zikhomo.

"Bashi Chishimba, ni chani ichi?" ndinamufunsa. Tinkaitanana ndi dzina la mwana wathu woyamba, monga amachitira kwawo ku Kasama.

"Ni tenti, bana Chishimba."

"Firiji inalipo?"

"Inalipo."

"Manje imwe mwasankha nyumba ya nsalu? Boma inakupasani nyumba, muli na bedi, mufuna mukagone pansi monga bantu bothawa nkhondo?"

Anangomwetulira n'kukankhira chimtolocho kunsi kwa bedi. Morris anali wa mawu ochepa. Mawu ake ankatuluka ngati shuga wa m'sitolo masiku amenewo: pang'ono, ndiponso ukachita mwayi.

2

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri zogona, koma tinkagonamo anthu khumi ndi anayi. Malume anga a Mathias anabwera kuchokera ku Katete mu 1975 kudzaonetsa diso kuchipatala. Diso linachira pa milungu iwiri, iwo n'kukhala. Amati mlendo ndi mame, koma mame athu aja dzuwa linkawalephera. Panalinso azilamu anga awiri ochokera ku Kasama, aliyense ndi mwana kumbuyo, odzafuna ntchito imene sankadzuka kukaifuna. Mng'ono wanga ankatsogolera kwaya ya kutchalitchi, ndipo kwayayo inkaphunzira nyimbo pabalaza pathu kawiri pa mlungu. Wailesi ya malume inkangozima mabatire akatha.

Morris akaweruka ankapeza pampando wake pali munthu, nyuzipepala yake akulungira kapenta. Ankalowa m'chimbudzi, chipinda chokhacho chimene chinali ndi loko, n'kukhalamo mpaka wina agogode. Ine sindinkaona vuto. Kwathu nyumba yodzaza ndi ulemu, ndipo munthu amene pakhomo pake sipapondedwa timamuopa.

Loweruka lina mu Meyi 1978 anatulutsa tenti ija. Anati kuseri kwa Chongwe, mkati mwa mapiri, kuli dziwe lalikulu la madzi oyera, analiona pa mapu kuntchito. Akakwera basi, kenako ayenda wapansi maola atatu.

"Muyenda na ndani?" ndinamufunsa.

"Neka."

"Kuli malilo?"

"Iyayi."

"Muli na bululu kuja, wachibale?"

"Kulibe muntu kuja. Ndiye chamene niyendela."

Malume anaseka mpaka kutsamwa. "Akamwini, kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Dikirani ndivale nsapato, nditsagane nanu."

Sindinaonepo Morris akulankhula mwachangu ngati tsiku limenelo. "Iyayi, ba malume, pumulani. Diso."

Anabwera Lamlungu masana ndi tinsomba titatu, akuimba mluzu. Mluzuwo ndi umene unandibaya. Zaka khumi ndi chimodzi ndikumuphikira ndi kumuchapira, sanandiimbirepo mluzu, lero wagona pamiyala usiku umodzi n'kubwera nkhope yosalala ngati wadzola mafuta. Kuyambira pamenepo, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse tenti inkanyamuka.

3

Chelstone yense anakhala pansi kuti amasulire nkhaniyi, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanavomera kuti munthu wa nzeru zake angasiye bedi kukamvera mphepo. Malume ankati n'kukhwima, mkamwini akufuna mpando wa mzungu uja. Amayi a pamzere wa mafuta ophikira, kumene tinkaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kutitentha m'mutu, anali ndi yankho lalifupi.

Amene anandiuza poyera anali ba Betty, tcheya wa amayi a chipani m'dera lathu, amene ankaima pachipata cha msika kuona makadi a chipani. Mayi ameneyu ankadziwa chimene banja lililonse ladya.

"Ba Helen, mwamuna sagona eka. Olo wodwala afuna wom'funda. Sechani chola."

Ndinafufuza chikwamacho iye ali kuntchito. Munali bulangete limodzi, kapoto, mbedza, mapu, kawailesi ndi magalasi oonera patali amene anabwera pamodzi ndi tenti. Munali mbale imodzi, supuni imodzi, ndi makapu awiri achitsulo.

Mbale imodzi ndinaimvetsa, okondana amadyera pamodzi. Bulangete limodzi ndinalimvetsa kwambiri. Koma makapu awiri aja anandilanda tulo. Ndinamuumba mkaziyo m'mutu mwanga mpaka ndinkamuona: woyera, wa wigi, wogwira kapu ndi zala ziwiri. Mwezi uliwonse Morris akabwera ndinkawatsuka ndekha makapuwo, n'kuwanunkhiza ngati ndingamve fungo la mafuta ake. Ina inkanunkha tiyi, ina dothi. Ndinati mkaziyo ndi wochenjera, amatsuka ndi mchenga.

Mudzafunsa chifukwa chake sindinamufunse mwini wake. Ndinkaona kuti kufunsa n'kumupatsa mpata wonama. Ndinkafuna kumugwira, anthu aone, ankhoswe akhale pansi, iye agwade. Sindinkafuna kumutaya mwamuna wanga. Ndinkafuna abwerere m'nyumba, akhale pampando ngati amuna anzake, ngakhale mpandowo unali ndi munthu kale.

4

Amene munalipo mukukumbukira 1979. Ndege za adani ochokera ku dziko loyandikana nafe zinkadutsa pamwamba pa Lusaka, mabomba ankamveka kunja kwa tauni, milatho inkaphulitsidwa. Aliyense anasanduka mlonda wa dziko. Munthu ukangoima nthawi yaitali kuyang'ana mlatho, unkapezeka wazunguliridwa. Anthu anasiya ngakhale kunyamula makamera. Morris yekha anapitiriza kukwera basi yake ndi mapu m'chikwama, ngati nkhondoyo inali ya ku dziko lina.

Lamlungu lina mu Novembala sanabwere. Lolemba masana galimoto yopanda nambala inaima pakhomo, n'kutuluka amuna atatu ovala masuti a manja aafupi. Anatembenuza matiresi, anathira ufa pansi, anatenga mapepala onse, n'kutenganso wailesi ya malume. Malume analira wailesiyo kuposa mkamwini.

Wamkulu wawo anandiitanira pakhonde. "Mayo, bamuna banu tabapeza ku mapili na mapu, na wailesi, na magalasi yoonela patali. Bakamba ati banayenda kupumula. Imwe mungavomele?"

Ndinamufunsa msanga: "Munabapeza na ndani?"

"Beka."

"Beka? Munayang'ana bwino? Mu tenti? Kumbuyo kwa myala?"

Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mayo, ngati muziba wamene bakumana naye, kambani manje."

Galimoto itachoka ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pansi pa ufa uja.

5

Pa masiku atatu nyumba inayera. Diso la malume mwadzidzidzi linafuna mphepo ya ku Katete. Azilamu anga anakumbukira kuti ku Kasama mvula yayamba, minda ikudikira. Kwaya inapeza pabalaza pena. Ba Betty akandiona pamsika ankayang'ana tomato. Palibe amene ankafuna kuonedwa akutuluka m'nyumba ya kazitape. Ndinatsala ndi ana anga atatu, ndipo nawonso anzawo anasiya kudzawaitana.

Ndi pamene ndinadziwa kuti wotchi ya pakhoma lathu inkalira. Zaka zonsezo sindinaimvepo. Mpopi wa kukhitchini unkadontha, denga linkathetheka dzuwa likatentha, ndipo ine ndinkayatsa mbaula popanda chophika, kuti ndingomva kanthu kakuchitika. Bata limene Morris ankaliyendera maola atatu linabwera lokha kudzakhala ndi ine, ndipo ndinadana nalo.

M'mawa uliwonse ndinkamanga chakudya pa kansalu n'kuyamba ulendo wokamufunafuna ku mapolisi. Ku Kabwata ankati yesani ku Woodlands, ku Woodlands ankati yesani m'tauni, m'tauni ankati dzina limeneli sitikulidziwa. Chakudyacho ankalandira, dzinalo ankakana. Ndinaonda mpaka chitenje kumazungulira kawiri.

Amayi a chigwirizano kutchalitchi, amene anali olimba mtima pang'ono, ankandipempherera Lachinayi lililonse. Mphekesera inali itamveka kuti wina analemba kalata yomunenera Morris. Ena ankaloza kalaliki wa firiji uja, kuti ankalimbirana naye udindo. Anthu anasiya kumupatsa moni bamboyo, mkazi wake ankagula yekha kumapeto kwa mzere. Mayi busa ankakweza manja: "Ambuye, dzanja limene linalemba bodza ili liume!" Amen wanga ankamveka kuposa wa aliyense.

6

Nkhondo ya kwa anansi athu itatha, mu Epulo 1980, anamutulutsa. Anafika dzuwa lili paliwombo, wapansi, buluku atamanga ndi chingwe, tenti ili paphewa. Anali atamubwezera, ataing'amba ndi mpeni kufunamo zobisika. Mano awiri a kutsogolo kunalibe.

Ndinathamanga ndikulira, ndinamugwira miyendo. Anandidutsa mwaulemu n'kuima pakati pa balaza, akumvetsera.

"Bali kuti bonse?"

"Banayenda, bashi Chishimba. Bonse banatithawa."

Anakhala pampando wake, anatambasula miyendo, anatseka maso. Wotchi inkalira. Patapita nthawi anati, "Sembe ninaziba kuti vizankala so, kalata ija sembe ninalemba neka."

"Kalata iti?"

"Benze kunibelengela m'mawa mulimonse, bakalibe kuyamba kunimenya. Naisunga pamtima monga katekisimu." Anailakatula osatsegula maso. "Munthu uyu amapita kumapiri mwezi uliwonse ndi mapu a boma. Amati amapita yekha, koma amakumana ndi wina. Amanyamula makapu awiri. Mutsatireni, muone. Ine mwana wa dziko."

Kenako anandiyang'ana. "Mu Zambia yonse muli muntu umozi chabe wamene apenda makapu mu chola yanga."

Owerenga, kalatayo ndinalemba ndine. Ndinali nditapita kwa ba Betty kukapempha kuti achinyamata a chipani amutsatire, akamugwire ndi mkazi uja. Ba Betty anandiyankha kuti chipani sichithamangitsa zibwenzi, dziko lili pa nkhondo, iwo akusaka akazitape. Ndinabwerera kunyumba mawu amenewo akulira m'mutu. Ndinati, ngati akufuna kazitape kuti anyamuke, ndiwapatsa kazitape. Akafika kumapiriko akapeza mkazi wa wigi m'bulangete, adzaseka, adzawabweretsa onse awiri pa galimoto Chelstone yense akuona, nkhani n'kuthera kwa ankhoswe. Ndinalemba ndi dzanja lamanzere, ndinakaponya m'tauni. Pobwerera ndinagula nyama, ndinaphika bwino tsiku limenelo.

"Benze kufuna zina ya mwine wa kapu yachibili," Morris anatero, akuloza pamene panali mano. "Aya yanayenda pa kapu ija."

Mudziwe mtundu wa mkazi amene ndinali. Ndili chogwada, misozi ili mbwembwembwe, mwamuna wanga wopanda mano ali patsogolo panga, pakamwa panga panatuluka funso ili: "Nanga yenze ya ndani?"

"Ya nyongolosi, bana Chishimba. Zogwilila nsomba. Ninabauza siku yoyamba. Nabo sibanakhulupilile."

Ndinakumbukira fungo la dothi lija. Ndinakumbukiranso kuti kapu imeneyo, pakati pa mwezi, ndi imene malume ankakonda kumwera tiyi. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kufa, zonse nthawi imodzi. Ndinapepesa mpaka mawu kusasa. Iye anangogwedeza mutu ngati munthu amene akumva nkhani ya pa wailesi. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo sameretsa mano.

7

Ntchito sanamubwezere. Anati mlandu palibe, komabe munthu wogona yekha kumapiri sangasungitsidwe mapu a boma. Nyumba inali ya ntchito, choncho inapita. Ine ndi ana tinasamukira kwa mkulu wanga ku Libala, kumene ndinayamba kugulitsa zitumbuwa ndi kusoka mayunifomu.

Morris sanandimenye, sanandisumire kwa ankhoswe, sanauze munthu. Anasoka tenti yake ndi singano yanga, n'kupeza ntchito yoyang'anira injini yopopa madzi pa famu ina kufupi ndi dziwe lija. Mwezi uliwonse ankatumiza nsomba zouma ndi zofunika za ana pa basi. Ana akatsekera sukulu ankapita kukamuona, mmodzimmodzi, chifukwa anapempha kuti asamabwere onse pamodzi. Ndikawafunsa kuti kuli ndani kumeneko, ankati kuli atate.

Sindinakhulupirire. Mu 1983 ndinamanga duku mwamphamvu, chitenje ndinamanga m'chiuno ngati wopita kukamenyana, ndinakwera basi osatumiza uthenga. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikamuuze mkaziyo. Ndinkapemphera kuti ndimupeze. Ndithu, ndinkapemphera.

Malowo ndi okongola, sindinama. Madzi ali phee pakati pa mapiri awiri, oyera moti umaona miyala pansi, ndipo kulibe chomveka koma mbalame ndi injini ikagunda patali. Koma munthu sudya kukongola. Ndinapeza kanyumba ka chipinda chimodzi, tenti ija itakhomedwa m'mphepete mwa madzi, mpando umodzi, mphasa imodzi. Ndinasuzumira kunsi kwa bedi. Ndinayang'ana pachingwe ngati pali chitenje. Ndinayang'ana ngakhale mapazi pa mchenga, ndipo onse anali a saizi imodzi.

Iye anali pamwala, mbedza ili m'madzi, atanenepa. Anandipatsa moni ngati mlendo wolemekezeka, n'kundisiyira mpando.

"Bashi Chishimba, bwelani ku nyumba," ndinatero. "Kulibe malume, kulibe kwaya. Nizankala chete, nalumbila."

"Nili pa nyumba, bana Chishimba."

Tinakhala osalankhula. Ine mphindi zisanu zinandikwana, ndinayamba kumuuza za mitengo ya ufa, za ukwati wa mwana wa ba Betty, za amene wamwalira ku Chelstone. Ndili pakati pa nkhani ndinaona maso ake akuyang'ana njira imene ndinabwerera, mmene ankayang'anira chitseko cha chimbudzi kale. Ndinaleka.

"Nikufunseni chimozi. Chongo chamene munali kuthawa, chenze ine?"

Akanayankha msanga kuti ayi, ndikanadziwa kuti akundinyengerera, ndipo ndikanakondwa. Koma Morris sanali wonama. Anaganiza, anaganiza, anakoka mbedza, anaiponyanso.

"Simwenze mweka," anatero.

Anandiperekeza maola atatu mpaka pamsewu, kuopa kuti basi ya masana ingandisiye.

8

Tsopano ndilankhule nanu, amayi anzanga amene mumawerenga tsamba lino mukuyembekezera kumva za mkazi wolanda mwamuna. Amene munalandidwa ndi mkazi mnzanu, thokozani Mulungu. Muli ndi dzina loti mutukwane potsuka mbale. Muli ndi pakhomo poti mukaponye mwala, muli ndi anzanu okuthandizani kunena kuti ndi wonyansa, miyendo yake ndi yopyapyala. Ine ndikatukwane ndani? Madzi? Ndinaika mwamuna wanga m'manja mwa anthu omenya pofuna kumulanditsa kwa mkazi amene ndinamuumba ndekha, chifukwa zinali zosavuta kukhulupirira zimenezo kusiyana ndi kuvomera kuti munthu angakonde kukhala chete kuposa kukhala ndi ine. Mwamuna wanu akati akufuna kukhala yekha, mwina akunama, ambiri amanama. Koma musanagule sitampa, funsani.

Kalaliki wa firiji uja anamwalira chaka chatha anthu akumuyang'anabe cham'mbali. Ndinapita kumaliro ake, ndinaimba nawo, sindinanene kanthu. Ngati mkazi wake akuwerenga, adziwe lero.

Chatsala chimodzi. Nditatsika basi tsiku lija, amayi a ku Libala anali akundidikira pampopi, maso ali tong'o. "Mwamupeza? Ni ndani?" Ndinayang'ana nkhope zawo, ndinayesa kunena kuti kulibe munthu, kuti anandisiya chifukwa cha dziwe ndi mphepo, koma lilime linakana. Ndinati dzina lake ndi Josephine, wa ku Luapula, wamfupi, wa mano otalikirana. Anandikumbatira, analira nane, anandiphikira tiyi. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano akhala akumutukwana pamodzi nane, ndipo ena amalumbira kuti anamuonapo m'tauni akugula wigi.

Josephine kulibe, amayi. Morris ali yekha, ndipo ali bwino.